MWERA SUFUNSA KUTI NDIWE MWANA WA NDANI

Anzanga a kunyanja, ma guy a ku Msaka, Chembe, Malembo, Makawa, mpaka inu a ku Senga Bay ndi ku Nkhotakota amene uthengawu ungakupezeni.

Ine ndikulemba ndili ku Thyolo, mkati mwa minda ya tiyi. Ena mukudziwa kale kuti malume anandiitana kuno sabata zitatu zapitazo kuti ndidzawathandize kaganyu kokonza mainjini a mapampu a madzi. Injini ndi injini basi, kaya ili kumbuyo kwa boti kaya ili pa damu. Uthengawu ndi wautali, ndikudziwa. Amene muli ndi bandulo yochepa musadandaule, mulibe vidiyo muno. Koma werengani mpaka kumapeto chifukwa nkhani yake ndi ya moyo wanu ndi wa anzanu amene mumalowa nawo usiku.

Kuno kukuzizira koopsa amwene. Lero ndi tsiku lachinayi dzuwa osaliona. Amati chiperoni, dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique kumene mphepo yake imadzera. Si mvula yeniyeni ayi, ndi kamvula kowaza ngati utsi, koma kakagwira masiku atatu dothi lofiira la kuno limasanduka sopo. Nkhungu imatseka mpaka munthu ali pa mtunda wa mamita makumi awiri osamuona. Anthu othyola tiyi amalowa m'munda atavala mapulasitiki, dengu kumsana, mano akugundana. Mwana wa kunyanja ngati ine, wozolowera kugona pamchenga opanda malaya, ndikugona ndi jekete ndi masokosi. Sekani, ndakulolani.

Tsono chimene chandilembetsa ndi ichi. Dzulo m'mawa timayenera kutsikira ku damu ndi thirakitala kukatenga pampu imene inafa. Msewu wake ndi wotsetsereka. Titafika pamwamba pa chitundacho dalaivala, bambo wachikulire ndithu, anaimitsa thirakitala, n'kutsika. Anayenda pang'ono ndi gambuti, n'kuponda matope aja, n'kutenga kamtengo kubaya pansi malo atatu. Kenako anabwerera n'kunena mawu awiri okha: "Lero ayi." Kapitawo anayang'ana msewu, anayang'ana bamboyo, n'kuti chabwino, tiyesa dzuwa likatuluka. Nkhani inathera pomwepo. Palibe amene anamuti wamantha. Palibe anamuuza kuti ngati sukufuna ntchito ena alipo.

Ine ndinaima pamenepo mtima ukundipweteka, chifukwa ndinakumbuka kwathu. Mphepo imene ikubweretsa chiperoni kuno ku Thyolo ndi yomweyo imene ikafika panyanja timaitcha mwera. Imachokera kummwera chakum'mawa, kuyambira mwezi wa May mpaka August, nthawi zina kulowa September. Kuno imagunda mapiri n'kusiya chinyezi, kwathuko imapeza nyanja yotseguka yotalika makilomita opitirira 500, yopanda chotchinga, n'kumautsa mafunde. Ndiye ndikamaona nkhungu yatseka minda ya tiyi chonchi, ndimadziwa kuti pa gombe la kwathu mafunde akuswa zoopsa. Ndipo ndimadziwanso kuti pali boti lina limene likukankhidwira m'madzi madzulo omwewo, alovi ali chete, aliyense akuopa kukhala woyamba kunena kuti lero ayi.

Maganizo anga ndi awa, ndiwanene poyera: kwathu kunyanja tilibe njira yolemekezeka yokanira kulowa. Tili ndi maboti, tili ndi ma Enduro, tili ndi nyali za sola ndi mabatire, tili ndi mafoni. Koma mawu akuti "lero ayi" tinawasiyira manyazi. Ndipo manyazi amenewo akutipha kuposa mwera weniweniwo.

Usiku wa dzulo lomwelo, titakhala pa mbaula m'nyumba ya malume, mnyamata wina wa kuno anandionetsa vidiyo pa Facebook, akuti iwe wa kunyanja taona anzako awa. Anali azungu a ku America akuwedza pamwamba pa nyanja youndana. Nyanja yonse yasanduka ayezi, munthu akuyendapo ngati pa simenti, waboola kadzenje ndi chibowolero, wakhala pa ndowa, mbedza pansi. Ena mpaka aimika timanyumba, ena alowetsa galimoto. Poyamba ndinaseka. Kenako ndinayamba kuwerenga za iwo mpaka bandulo inandithera, ndipo ndinasiya kuseka.

Anthu amenewa, ku Minnesota, ku Canada, ku Finland, ali ndi funso limodzi limene amafunsana asanachoke pakhomo: kodi ayezi ali bwanji lero? Ndipo yankho lake si la m'mutu ayi, ndi la muyezo. Ku Minnesota boma limalangiza kuti ayezi watsopano, woyera mbee ngati galasi, akhale wokhuthala masentimita 10 munthu asanayendepo wapansi. Wochepera apo, osapondapo. Galimoto imafuna wokhuthala kuwirikiza kangapo. Ayezi wotuwa, wosakanikirana ndi chipale chofewa, mphamvu yake amaiwerengera theka chabe. Ndipo amaboola n'kuyeza malo angapo akamapita mkati, ngati mmene anachitira dalaivala wa thirakitala uja ndi kamtengo kake, chifukwa ayezi wa pagombe sangakuuze za ayezi wa pakati.

Nyengo imene amaiopa kwambiri si ya kuzizira koopsa ayi, ndi ya pakatikati. Chipale chofewa chikagwa chambiri chimalemera, chimatsindikiza ayezi pansi, madzi n'kutulukira m'ming'alu n'kusakanikirana nacho. Pamwamba pamaoneka poyera bwinobwino, koma pansi pake pali phala la madzi ozizira. Mawilo amatitimira, miyendo imanyowa, ndipo chipale chija chimafunditsa ayezi ngati bulangeti moti sapitiriza kukhuthala. Choopsa chimabisala pansi pa chinthu chooneka bwino.

Kodi si mmene mwera umachitira nafe? Mwera woopsa si umene wawomba tsiku lonse mchenga ukulowa m'maso, umenewo aliyense amauona n'kukoka boti kumtunda. Woopsa ndi uja umagona madzulo. Cha m'ma 4 koloko nyanja yadekha ngati mafuta, nyali zapakiridwa, siginala watsogola ndi bwato lake. Mwafika kutali, mwaponya chilimira kawiri katatu, kenako pakati pa usiku kamphepo kozizira kakukhudzani pakhosi. Pasanathe ola limodzi mukukapa madzi ndi zigubu. Nyanja yodekha ya madzulo m'mwezi wa July ndi phala lija la azungu, pamwamba pabwino pansi pali imfa.

Musaganize kuti iwowo ndi anzeru kuposa ife. Nawonso amapusa. M'mwezi wa December 2023, pa nyanja ya Upper Red Lake ku Minnesota komweko, asodzi 122 anapezeka ali pa chibenthu cha ayezi chimene chinang'ambika n'kuchoka kumtunda, mpaka anachita kukawapulumutsa. Koma taonani kusiyana kwake: onsewo anatuluka amoyo, chifukwa panali woimbira foni, panali wodziwa pamene ali, panali obwera kudzawatenga. Ndipo kumeneko eni malo ogona alendo ndi ogulitsa nyambo amalemba pa intaneti pafupipafupi kuti ayezi wafika pati, polowera pati pali bwino, pati patsekedwa. Akatseka msewu wolowera panyanja, watsekedwa basi, ngakhale wabwera kuchokera kutali.

Ife tili ndi magulu angati a WhatsApp? La mpira, la tchalitchi, la mzikiti, la sukulu imene tinasiya kalekale, la mavidiyo oseketsa. La mphepo lili kuti?

Ndikuuzeni chifukwa chake nkhaniyi imandikhudza chonchi. Ena a kwathu mukuidziwa, sinditchula maina. Mwera wa zaka zitatu zapitazo anandibweretsera injini ya 15 kuti ikuzimazima. Nditatsegula kabureta ndinapeza zinyalala ndi timadontho ta madzi. Ndinatsuka, inalira bwinobwino. Koma nditasuzumira mu thanki ndinaona dzimbiri ndi matope pansi. Ndinauza mwini boti kuti bwana, thanki iyi itsukidwe kaye, paipi ndi fyuluta tisinthe, apo ayi ikakumana ndi mafunde zonsezi zibwereranso mu kabureta. Anandiyankha kuti usipa wagwa mphwanga, tipange mawa, lero anyamata alowe kaye. Anandipatsa yanga. Ine ndinalandira, n'kukhala chete. Ndinali ndi ngongole ya masipeya, ndipo ndinkaopa kuti ndikalimbikira apita kwa makaniko wina.

Usiku umenewo mwera unadzuka. Injini inazima pamene inkafunika kwambiri. Anakoka chingwe mpaka chinaduka. Nkhafi m'botimo munali ziwiri zokha. Mphepo inawatenga kupita nawo kumpoto, pakati penipeni. Anawapeza patapita masiku awiri mbali ya ku Salima, milomo itang'ambika, manja atatupa ndi kukapa madzi. Koma sanakwane. Mmodzi, mnzathu amene tinkasewera naye mpira wa chikulunga pamchenga, ataona nyali za kumtunda usiku woyamba anati ndisambira ndikaitane anthu. Anali katswiri posambira, tonse tikudziwa. Mpaka lero mayi ake ndikakumana nawo pa chigayo ndimasowa poyang'ana.

Anthu anati ndi tsoka. Ena anati ndi zamasenga, kuti wina anamuika m'chizimba cha usipa. Ine ndimadziwa chimene ndinaona mu thanki muja. Sindikunena kuti ndinamupha ndine, sindikunenanso kuti anamupha ndi mwini boti. Ndikunena kuti tsiku limenelo panali anthu osachepera khumi amene akanatha kunena kuti lero ayi, ine mmodzi wa iwo, ndipo tonse tinayang'ana pansi.

Tsono ndikudziwa zimene mukunena mumtima, chifukwa nanenso ndakulira momwemo.

Mukuti njala sidikira kuti mwera uthe. Zoona. Bambo anga atilera ndi chilimira, ndikudziwa mmene pakhomo pamakhalira boti likakhala kumtunda sabata yathunthu. Ndipo pali chinthu china chowawa: nthawi ya mwera ndi imene nsomba imadula. Kuno ku Thyolo ndapita pa msika, kamulu ka usipa wouma kamene kwathu tingapatse mwana kuti akazinge, kuno anthu a m'minda ya tiyi akuchita kuwerenga ndalama kawiri asanagule. Usipa umenewo wadzera ku Limbe, wadutsa m'manja ambiri, aliyense waikapo yake. Maboti akachepa panyanja, chigoba chimakwera mtengo pa gombe, ndiye amene walimba mtima n'kulowa amapha ndalama ya sabata usiku umodzi. Nyambo yake ndi imeneyo. Koma tawerengani bwino masamu ake. Mlovi amagawana ndi anzake zimene zatsala akachotsa mafuta ndi gawo la mwini zida. Boti likamira mwini wake wataya matabwa, ukonde ndi injini, zinthu zoti akhoza kukatenga ngongole n'kugulanso. Iwe wataya chiyani? Amene amapindula kwambiri ndi ulendo wa usiku wa mwera nthawi zambiri amakhala ali kumtunda, m'bulangeti, foni ili pambali. Amene akubetcha moyo wake ndi amene amalandira kagawo kochepa.

Sindikuti tisiye kulowa miyezi inayi yonse, imeneyo ndi nkhambakamwa. Mwera suwomba tsiku lililonse. Umabwera masiku atatu, anayi, nthawi zina sabata, kenako umapuma. Ndipo akatswiri amati mwera womwewo ndi umene umadyetsa nyanja yathu: umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, madzi ozizira a pansi okhala ndi chakudya n'kukwera kuno kummwera, n'chifukwa chake mbali ya Mangochi ili ndi nsomba zambiri. Ndiye mwera si mdani. Ndi mlimi amene akulima munda wathu. Koma munthu sumaima kutsogolo kwa khasu.

Mukutinso a zanyengo amanama. Nthawi zina amalengeza mwera pa wailesi, nyanja n'kukhala phee, inu mwataya usiku wabwino. Zimachitika. Nyanja yathu ndi yaikulu, chenjezo limodzi silingakwane Karonga ndi Makanjira mofanana. Koma nthambi ya boma yoona zanyengo ikatulutsa chenjezo la mwera, imakhala yaona mphepo ikubwera kuchokera kunyanja ya mchere isanafike kwa ife. Akalakwitsa iwo, mwataya usipa wa usiku umodzi. Mukalakwitsa inu, kwanu kumangidwa chisakasa cha maliro opanda mtembo. Zolakwa ziwirizi sizilemera mofanana.

Ndiye chenjezo la pa wailesi tiliphatikize ndi maso athu. Akuluakulu athu ankadziwa kuwerenga nyanja popanda foni: mitambo yokhala pamwamba pa mapiri, kazizidwe ka m'mawa, mafunde aatali amene amafika pagombe mphepo isanafike. Ankasiyanitsa mwera, mpoto, vuma ndi zambwe ngati mmene ife timasiyanitsira kulira kwa Yamaha ndi Suzuki. Nzeru imeneyo ikupita ndi iwo kumanda chifukwa ife tinaganiza kuti injini yathetsa zonse. Bwato la nkhafi linkamuuza munthu malire ake. Injini imakufikitsa kumene nkhafi sizingakubweze.

Ndipo mukuti mwamuna saopa madzi. Amene mumadutsa pa Mangochi boma, tsiku lina mudzaime pa chipilala cha wotchi chija pafupi ndi mlatho, mudzawerenge chikumbutso chili pamenepo. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya, yachitsulo, yatsopano, inagubuduzika ndi namondwe kumpoto kwa nyanja kufupi ndi Florence Bay, kumene lero timati Chitimba. Anthu 145 anathera pomwepo. Taonani mwezi wake, July. Ngati nyanja inameza sitima yachitsulo ndi kapitawo wake wophunzira, boti lathu la matabwa lomata ndi phula ndi chiyani? Nyanja imeneyi malo ena ndi yakuya mamita pafupifupi 700. Siidziwa kuti bambo ako anali siginala wotchuka.

Za kusambira ndinenepo. Nyanja yathu siundana ngati ya azungu aja, madzi ake ngakhale mu July sazizira kwenikweni ukangolowamo. Koma khala m'madzimo maola, usiku, mphepo ikukuomba kumutu, thupi limataya kutentha pang'onopang'ono, miyendo imagwidwa, nzeru zimasokonekera. Ndipo nyali ya kumtunda usiku imanamiza, imaoneka pafupi ili kutali. Boti la matabwa ngakhale litadzaza madzi kawirikawiri limayandamabe. Gwira boti. Osalisiya. Ofufuza amaona boti, mutu wa munthu pakati pa mafunde sauona.

Pali nkhani inanso imene sitiikamba: kolowera ndi kotulukira. Azungu aja amadandaula kuti phala la ayezi likadzaza pagombe, polowera pamatsekeka. Ife vuto lathu ndi potulukira. Mwera ukakupeza sumasankha gombe, umathawira pamene pali pafupi. Koma tayendani kuchokera ku Mangochi kulowera ku Monkey Bay, kapena ku Senga Bay, muone mmene mipanda ya malo ogona alendo ndi nyumba za anthu olemera yatsikira mpaka m'madzi. Ndiye mu 2024 nyanja inakwera kupitirira mamita 476 pa muyezo wake, kukwera kumene ambiri a ife tinali tisanakuonepo chibadwire. Mchenga umene tinkakokerapo maboti unamira, matandala oyanikapo usipa anasamuka, malo ena mafunde ankaswa pa khoma penipeni. Boti lobwera ndi mafunde kumbuyo likufuna mchenga woti likwerepo, likapeza khoma kapena miyala limasweka. Ine sindikudana ndi alendo, abale athu ambiri amadya za komweko. Koma ma BVC athu ndi mafumu akhale pansi ndi eni malowo, agwirizane poyera kuti boti lothawa mphepo likocheza paliponse popanda mlonda kulithamangitsa, ndiponso njira zotsikira kunyanja zimene zatsala zisatsekedwe. Gombe si malo ojambulirapo zithunzi okha, kwa ife ndi chitseko cha nyumba.

Wina anena kuti a kunyanja samva lamulo. Bodza. Pitani ku chilumba cha Mbenje ku Salima, kwa Senior Chief Makanjira. Kuyambira zaka za m'ma 1950 anthu a kumeneko amatseka usodzi nyengo ya mvula n'kudzatsegula cha mu April ndi mwambo wake, ndipo pachilumbapo mowa ndi juga n'zoletsedwa. Lamulo limenelo silinachokere ku Lilongwe, ndi la eni ake, ndipo asodzi ochokera kutali amalitsata chifukwa amaona utaka wake. Ngati anthu angathe kutseka chilumba miyezi ingapo chifukwa cha nsomba, ife tingalephere kutseka gombe usiku uwiri chifukwa cha anthu?

Ndiye pempho langa ndi ili, ndipo silifuna bungwe la kunja kapena galimoto ya boma.

Gombe lililonse likhale ndi gulu la WhatsApp la mphepo basi. Osaponyamo mpira, osaponyamo ndale, osaponyamo maliseche. M'mawa ndi madzulo munthu mmodzi wodalirika alembe zimene akuona: mphepo ikuchokera kuti, mafunde ali bwanji, a zanyengo anena chiyani. Magulu a magombe oyandikana alumikizane. Mwera umayambira kummwera kupita kumpoto, ndiye wa ku Makawa akalemba kuti kuno wayamba, wa ku Senga Bay ndi wa ku Nkhotakota apeza nthawi yokokera maboti. Ngakhale ife tili ku Thyolo kuno tikhoza kulemba kuti chiperoni chatseka, konzekani. Boti lililonse likamalowa lilembe kuti tili anthu angati, tikulowera mbali iti. Foni imodzi ikhale yodzaza moto, yomangidwa mu pulasitiki, osati yoimbira nyimbo usiku wonse mpaka batire kutha.

Chachiwiri, kukana kukhale kwa gulu. Mlovi mmodzi akakana amachotsedwa ntchito, mawa pali wina pamalo pake. Koma gombe lonse likagwirizana kuti chenjezo likatuluka ndipo akuluakulu atatu a pagombe avomereza, palibe boti lolowa, ndiye palibe wochita manyazi, palibenso wopezerapo mwayi pa mtengo. Mutu umodzi susenza denga. A BVC amatha kulanda ukonde wa neti ya udzudzu, alephera bwanji kuimitsa boti lopita kukataya ana a eni?

Chachitatu ndi cha ife amakaniko, ndipo ndikuyamba ndi ine. Injini zambiri sizifa chifukwa cha mwera, zimafa chifukwa mwera waulula matenda amene analipo kale. Mafunde amavundula zinyalala za pansi pa thanki n'kuzitumiza mu kabureta. Madzi amalowera pa kabowo ka mpweya ka pa chivundikiro cha thanki. Boti likadumpha, pulopela imatuluka m'madzi, injini imakuwa, pampu ya madzi imakoka mpweya, impela yotha kale imapsa. Petulo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu musefe ndi kansalu koyera musanathire. Oilo musapimire ndi maso: pa injini zambiri zimene tili nazo, malita 25 a petulo amafuna theka la lita. Nyamulani mapulagi awiri owuma mu kabotolo, sipanala yake, ndi chingwe china chokokera. Injini muimange ndi chingwe ku boti, zomangira zake zimamasuka ndi kugunda kwa mafunde. Mafuta muwagawe patatu: lopitira, lobwerera, ndi lina losakhudza, chifukwa kubwerera molimbana ndi mwera kumamwa mafuta kuposa mmene munapitira. Nkhafi zikhale zokwanira, osati ziwiri. Nangula ndi chingwe chachitali. Laifi jaketi ikadula, chigubu cha malita 20 chotseka bwino chomangirira chingwe chimamugwira munthu pamwamba. Zonsezi pamodzi mtengo wake sufika pa foni imene mukuwerengera uthengawu.

Ndipo ine ndalumbira, amene mumabwera ndi injini kwa ine mudziwiretu: ndikaona kuti injini si yolowa nayo usiku, ndinena pamaso pa alovi onse, osati kumbali ndi bwana. Mukafuna pitani kwa makaniko wina. Bola mundide muli moyo.

Kwa inu eni maboti, akuluakulu athu, sindikukunyozani. Ambiri mwa inu munayambira pa ulovi, mabala a chingwe akadali m'manja. Mukudziwa bwino kuposa ine mmene kumakhalira kunjako. Mnyamata akakuuzani kuti bwana lero nyanja sili bwino, musamuyankhe kuti ena alowa. Kapitawo wa kuno ku tiyi sanataye ulemu wake pomvera dalaivala. Thirakitala ilipo, dalaivala alipo, pampu ikadali ku damu ikutidikira, sinathawe. Usipanso suthawa m'nyanja.

Kwa inu alongo athu ndi amayi a pa matandala, inunso muli ndi mawu. Ndinu amene mumapereka ndalama ya mafuta patsogolo kuti usipa ukhale wanu boti likabwera. Tsiku la chenjezo gwirani ndalamayo. Ndi inu nomwe amene mumakhala pamchenga m'mawa kuyang'ana kumene kulibe kanthu.

Pano kunja kukadali nkhungu, malata akudontha. Malume akuti mwina mawa masana kuyera, tikatsike ku damu. Ine ndibwera kumapeto a mwezi, amene injini zanu zikutsokomola musadikire kuti ndifike ndiye muzitsuka mathanki, yambani lero pamene maboti ali kumtunda.

Amene muli pagombe madzulo ano, tandiuzani, mphepo ili bwanji kumeneko? Lembani pompano. Gulu lija liyambire pamenepa.

Tumizani kwa aliyense amene ali ndi m'bale wolowa m'madzi.

Ndine mwana wa msodzi, makaniko wanu uja wa pansi pa mtengo wa mango.